Moto wa kwa Aang'ono

Sunthirani kuno, musakhale kumbuyo kwa utsi. Nkhani iyi ndi ya moto, ndipo sikoma kuimva munthu atatalikirana ndi anzake.

Kwathu ku Mphandira kuli dambo lalitali. Kumutu kwa dambolo kuli kamsitu ka mikuyu ndi katope, komwe nthaka siuma ngakhale m'chilimwe. Amuna amakalambalala, amati n'kamsitu ka njoka. Ife akazi timakatchula kuti kwa Aang'ono. Kumeneko n'komwe timagoneka nthayo, ana obadwa atafa kale kapena opuma kamodzi kokha. Otere salira maliro, sawakhomera bokosi, ndipo mwamuna sapondako, ngakhale malo ake sauzidwa. Dzenje lake silizama, limangolekeza m'chigongono, kuti mwanayo agone pozizira pafupi ndi mizu. Wanga woyamba ali kumeneko. Anali wamwamuna.

Chaka chilichonse tikatha kukolola, chisanu chikangoyamba, a Nangozo, omwe anali mzamba wa m'mudzi mwathu, ankatenga akazi onse okhala ndi ana kumeneko kukatentha tchire lozungulira kamsituko. Udzu umakhala usanaumitsitse, kunsi kudakali kwakuwisi. Ankayatsa dzuwa litapendeka, mphepo itagona, ndipo motowo unkangokwawa, osapitirira m'mawondo, mpaka kuzungulira kamsituko ngati mkanda. Mame akagwa unkadzifera wokha. Pena ankatentha, pena n'kusiya. Pa udzu wofolerera ayi, pobisala nkhwali ayi. Ukaima patali tchire lonse linkaoneka mawangamawanga. Pa lupsa pankaphuka msipu, agwape n'kumabwera m'mamawa. Mitondo ya m'mbali inkatulutsa masamba anthete, matondo n'kuchuluka mpaka ana kutopa kutola. Ndiye moto waukulu wa mu Okutobala, uja amayatsa osaka mbewa, ukafika pa mkandawo unkasowa chodya.

A Nangozo anamwalira chaka chomwe kunabwera anthu a bungwe lina losamala mitengo. Anthuwo sanabwere ndi zoipa. Mapiri athu anali atametedwa ndi owotcha makala, ndipo aliyense ankaona. Pa msonkhano mudzi unagwirizana kuti kuyambira pamenepo moto kuthengo ayi, waukulu kapena waung'ono, ndipo unasankha komiti yoyang'anira lamuloli. Akazi tinali titakhala pansi pa mtengo wa mango. Tinayang'anana. Koma ndani akanaimirira pamaso pa amalume ake ndi apongozi ake n'kutchula za kwa Aang'ono? Tinawomba m'manja pamodzi ndi onse.

Amuna anga a Zakeyu anasankhidwa kukhala mlonda wa tchire. Anawapatsa jombo ndi wezulo. Iwo ndi mkamwini, kwawo ndi kutsidya kwa Bua, ndipo kuyambira tsiku lomwe analowa m'mudzi mwathu ankangowakumbukira pakafunika wokumba manda kapena wofolera nkhokwe. Tsopano anthu anayamba kuwapatsa moni poyamba. Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha, tchire osaona moto. Udzu watsopano unamera pamwamba pa wakale, wakale n'kugona pansi ngati mphasa yovunda. Agwape analeka kubwera. Mbuzi zinkabwerako zitadzaza nkhupakupa. Matondo chaka chimenecho sanakwane n'komwe mbale.

Chisanu chachiwiri chitayamba, tsiku lina madzulo ndinali kukhitchini kufunditsa madzi osambitsa Tilimbe, mwana wanga wamkazi, yemwe nthawiyo anali akukwawa. Kunja kunali kachisisira.

“Odi.”

“Lowani.”

Sanalowe. Anaima pakhomo mayi wofunda chitenje kumutu, chomwe sichinali chachilendo ndi kuzizira kuja. Galu wathu anali chigonere pafupi ndi mapazi ake.

“Ndadzapala moto,” anatero. Mawu ake anali apansi, ngati a munthu wachimfine.

“Mwabwera ndi popalira?”

“Mundibwereke phale.”

Ndinatenga phale langa lokazingira mtedza, n'kuikapo makala ofiira, n'kumupatsa. Sanathokoze, sanamusekerere mwana, anangotembenuka. Ndinamuyang'ana akupita, ndipo ndinaona kuti sakulowera kunyumba iliyonse. Analunjika njira ya kudambo. Pobwerera pa mafuwa ndinapeza moto wanga wazima. Ndinapisa dzanja m'phulusa. Linali lozizira ngati la dzana.

M'mawa ku mjigo ndinakumana ndi msuweni wanga Elube, yemwe pakamwa pake sipatsekeka.

“Iwe mkazi wa bwana wa jombo,” anandiyamba, “machesi akukukanikani kunyumba kwanu? Dzana unatuma ndani kudzapala moto kwathu? Uwauze abwana akowo agulitseko jombo imodzi. Ndipo phale langa libwere.”

“Ine sindinatume munthu. Kwathunso anabwera.”

“Bodza lako.”

“Moto wako unatsala?”

Elube anasiya kupopa. A Nachanza, omwe ankatsuka ndowa pambali, anaweramuka. Kwawonso anafika, Lolemba. Wina anati kwawo Lachiwiri. Aliyense ankaganiza kuti ndi mlendo wa mnzake. Akazi ena ankangoseka, kuti kwawo sikunafike munthu, mwina ndi wamisala wa kumsika. Ine ndinkangoyang'ana nkhope. Amene ankaseka anali oti ana awo onse ali moyo. Amene tinachezeredwa tinali tonse oti tinapitapo kwa Aang'ono titanyamula kanthu m'nsalu.

Ndinaona kuti a Nachanza nawonso awerenga nkhope zomwezo, chifukwa anasenza ndowa yosadzaza n'kumapita.

Masiku otsatira kunayamba kumveka fungo la utsi wa udzu. Linkabwera dzuwa likamalowa, koma ukayang'ana kumwamba kunali koyera. Kenako kunayamba phokoso. Lija la tchire likamapsa, thethethe, kuchokera kumutu kwa dambo. A Zakeyu ankasiya chakudya, kuvala jombo, kuthyola nthambi n'kuthamanga akuimba wezulo. Ankabwerako ali mbuu, nsonthi zili thupi lonse.

“Kulibe kanthu,” ankatero. “Ukafika apa, likumveka apo. Ukafika apo, labwerera kumbuyo kwako.”

Tilimbe naye anasintha. Ndikamuyamwitsa madzulo ankalavula bere n'kutembenukira kudambo, n'kumatambasula manja ngati mwana woona anzake akusewera.

Tsiku lina a Zakeyu anabwerako n'kukhala pa khonde nthawi yaitali asanavule jombo.

“Ndakumana ndi mayi wina panjira ya kudambo,” anatero. “Ananyamula makala pa phale. Ndinati, amayi, simukudziwa kuti moto kuthengo ndi woletsedwa?”

“Anati chiyani?”

“Sanandiyang'ane. Anangoti, ukumangozima.” Anapukuta kumaso. “Ndinati ndimugwire mkono. Sindikudziwa, mayi a Tilimbe. Dzanja langa linakana.”

M'mawa mwake ndinabereka mwana n'kukamutenga Elube. Ananyinyirika njira yonse, kuti iye ali ndi mtedza wofunika kukumba, kuti ine ndimakonda za anthu akufa ngati khwangwala, koma anabwera. Njira ya kwa Aang'ono inali itatsekeka. Tinkang'amba udzu ndi manja, wotalika kutipitirira, nsonga zake zitauma kale. Pansi mapazi ankatitimira m'udzu wakale wofika m'mawondo. Unali utalowa mpaka pansi pa mikuyu, mpaka pamwamba pa timitumbira tomwe.

Elube anandigwira mkono. Phale lake linali pansi, m'mphepete mwa kamsituko, makala ali pomwepo, akuda. Patsogolo pang'ono panali langa. Patsogolo pake la a Nachanza. Anali atandandalika mozungulira, lililonse pamalo pomwe a Nangozo ankayambira kuyatsa. Pansi pa lililonse udzu unali utangochita chikasu pang'ono, osapsa.

“Mayo ine,” Elube ananong'ona. “Tiye tizipita.”

Ine ndinali kuyang'ana udzu uja. Ndinaona moto wa mu Okutobala ukutsika phiri ndi mphepo kumbuyo kwake, ukupeza chakudya cha zaka ziwiri. Moto wotere suyenda pansi, umakwera mpaka kunsonga. Ukanapsereza mikuyu, kuumitsa nthaka, ndipo dzenje lolekeza m'chigongono silingabise kanthu.

“Titentha,” ndinatero.

“Wapenga? Komiti itilipitsa mbuzi. Amuna ako awavula jombo, abwerere kokumba manda.”

“Wako ali pati, Elube?”

Elube anayang'ana pa tsinde la katope wina, n'kupukuta mphuno ndi chitenje.

Ndinayamba ndayesa kwa a Zakeyu. Ndinawapempha kuti akauze komiti itilole kutentha pang'ono kumutu kwa dambo, udzu usanaumitsitse.

“Chifukwa chiyani pamenepo?”

“Ndi mwambo wa akazi.”

“Mwambo wanji? Nenani, ndikawafotokozere.”

“Sindinganene.”

“Ndiye ndikaime pamaso pa anthu ndikati mkazi wanga akufuna kutentha tchire koma chifukwa chake ndi chinsinsi? Mukufuna andiseke? Anthu a m'mudzi mwanu muno angoyamba kumene kunditenga ngati munthu.”

“Bambo a Tilimbe, mukapanda kutentha pano, kudzapsa mu Okutobala.”

“Ndilipo ine. Sikudzapsa.”

Ankakhulupiriradi zimenezo, munthu mmodzi ndi nthambi yake.

Mwera unali utayamba kuwomba, ndipo udzu unkauma tsiku ndi tsiku. Tikanachedwa, ngakhale moto wathu ukanasanduka chilombo. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa onse ochezeredwa aja. Ena anakana, anati amuna awo ali mu komiti. Ena anati za mizimu iwo anazisiya, amapemphera. Ndinkangowafunsa kuti, phale lanu lili kuti? Tinatsala ochepa, osadzaza manja awiri.

Kumweta udzu wofolerera sikunali koletsedwa. Choncho tinatenga zikwakwa n'kumapita m'mamawa, kumweta mozungulira kamsituko, kukokolola wakale uja ndi manja n'kuutulutsa pansi pa mitengo. Amuna ankatiseka potiona tikusenza mitolo.

“Chaka chino mufolera ndi zimbudzi zomwe!”

“Tifolera ndi dazi lanulo, malume,” Elube ankayankha.

Mbali yoyang'ana kumudzi tinaimaliza. Mbali ya kuseri, yoyang'ana kuphiri, tinangoipalapasa, chifukwa manja anali atatupa ndipo nthawi inali itatha.

Tsiku lotentha ndinadikira a Zakeyu apite kukayendera mbali ya kumsewu. Tilimbe ndinamusiya kwa mng'ono wanga. Ndinapala moto pa mafuwa anga ndekha, pa chivundikiro cha mphika, n'kuunyamula ndikuuzira njira yonse. Sunazime. Titasonkhana kumeneko ndi akazi aja, mphepo inali itagona, dzuwa lili pamwamba pa mitengo. A Nachanza anamanga miuni ya udzu. Tinathyola nthambi zaziwisi. Panalibe wodziwa mawu omwe a Nangozo ankanena poyamba, ndiye ndinangoti, “Gonani, ndife amayi anu,” n'kuyatsa.

Unagwira. Unayamba bwino, ukukwawa, utsi woyera ukukwera mowongoka. Ziwala zinauluka, anthengu n'kutulukira kaya kuti, kumaziwakha m'mwamba. Mbewa zinkatidutsa m'mapazi kuthawira m'zigawo zomwe tinasiya. Tinagawana, ena kumanja, ena kumanzere, wa muuni patsogolo, a nthambi pambuyo. Koma udzu wa zaka ziwiri si wa chaka chimodzi. Pena moto unkadumpha mpaka m'chifuwa, ndipo tinkaumenya tikutsokomola, misozi ili chuchuchu.

Kenako tinamva wezulo.

A Zakeyu anatulukira m'utsi akuthamanga, nthambi ili m'manja. Anayamba kumenya mzere wathu, uja timafuna upse. Atandiona ndi muuni anaima ngati awombedwa.

“Inu? Mayi a Tilimbe, inu?”

“Musazimitse pamenepo!”

“Mwandipha! Mwandivula pamaso pa mudzi wonse!”

Nthawi yomweyo kamphepo kanadzuka, ndipo moto wa mbali ya kumanzere unapendekera kumitengo. Iwo anauona. Anafuna kudutsa pakati pa kamsituko kuti akaudulire kutsogolo, ndi jombo zawo zija, pamwamba pa timitumbira. Ndinataya muuni n'kuwaimirira kutsogolo. Anandikankha, ndinawagwira malaya.

“Chokani!”

“Simupondamo.”

“Muli chiyani m'menemo choposa ine?”

Akazi onse anali atasiya kumenya. Ndinamva a Nachanza akundiuza kuti, “Nankhoma, usatero.” Ndinkadziwa kuti chimene ndikufuna kunena sichinanenedwepo kwa mwamuna m'mudzi mwathu. Ndinkadziwanso kuti moto sudikira.

“Muli mwana wanu,” ndinatero. “Woyamba uja. Munkandifunsa kuti anapita naye kuti. Ali umo. Muli wa Elube, muli awiri a a Nachanza. Sali pakuya.”

Nthambi yawo inatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana mikuyu ija kamodzi, kenako anatembenuka msanga n'kuifulatira, ngati munthu amene walowa mwangozi mosambira apongozi.

“Ndimenye pati?” anafunsa.

“Apo pakupendekapo. Kwinako muusiye uyende.”

Anamenya ngati anthu atatu, msana uli ku kamsituko nthawi yonse. Pomwe pankapendeka paja panazima.

Koma tinali titataya nthawi. Dzuwa linali litalowa, kuzizira kukutsika, ndipo mame akagwa udzu sugwiranso. Mizere yathu iwiri inali isanafike n'komwe kuseri, mbali ija yoyang'ana kuphiri, komwe moto wa mu Okutobala umadzera. Mkanda wosatseka ndi chimodzimodzi wopanda. Ndinamanga muuni wina n'kuyamba kuthamanga.

Elube anandikoka chitenje. “Taona.”

Kuseri kuja kunkafuka utsi. Unali wochepa, woyera, woyenda pansi. Mzere wa moto unkabwera kuchokera komwe kunalibe aliyense wa ife, waufupi, wosadumpha, wokhota bwino kulambalala pa udzu wofolerera. Elube anayamba kutchula maina athu mmodzimmodzi, akuloza ndi chala. Tonse tinali mbali ino.

Sindinganene kuti ndinaona munthu. Utsi unali pakati. Ndinaona chinthu chowerama chikuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa motowo. Kumbuyo kwake udzu unkagwedezeka pansipansi, malo ambirimbiri, ndipo kunkamveka timaphokoso, phu, phu, phu, ngati tinthambi ting'onoting'ono tikumenya pansi.

A Zakeyu anali chifulatirire. “Kukuchitika chiyani? Ndani ali uko?”

“Musacheuke,” ndinatero. Mabere anga anali akuchucha mpaka kunyowetsa bulauzi.

A Nachanza anagwada pa phulusa lotentha n'kuyamba kuwomba m'manja mwakachetechete. Ine sindinagwade. Mzere wathu wa kumanja unali ukufa, patatsala mpata. Ndinatenga muuni uja n'kupita nawo, ndikuyatsa, maso ali pansi. Ndinkamva kuti kutsogoloko kukubwera wina. Ndinayatsa, ndinayatsa, mpaka moto wanga unakumana ndi winawo pafupi ndi chulu. Inanyambitana kamodzi n'kuzima. Nditadzutsa mutu panalibe kanthu, koma mpweya wa pamenepo unali wozizira ngati wa m'mphika wa madzi.

Tinabwerera kumudzi titada ngati owotcha makala.

Komiti itaitana mlandu, a Zakeyu anaimirira n'kunena kuti anayatsa ndi iwo. Atafunsidwa chifukwa, anati alibe chonena. Anawalanda jombo ndi wezulo, ndipo mbuzi yathu yaikazi inapita. Anthu anabwerera kuwatchula kuti mkamwini uja. Kwa masabata angapo ankadya chakudya changa osandiyang'ana. A Nachanza nawo anandinyanyala, anati ndaulula za akazi. Mayi wopala moto uja sanabwerenso pakhomo la aliyense.

Mu Okutobala moto unabwera. Amati anayatsa anyamata a mudzi wa kuseri kwa phiri posaka mbewa. Unatsika masana dzuwa lili paliwombo, ukulira ngati galimoto yaikulu. Mudzi wonse unatuluka ndi nthambi, koma palibe amene akanauyandikira. Unadya tchire lonse lomwe tinalisunga zaka ziwiri, misuku, timitengo tomwe tinadzala, ming'oma ya njuchi. Kumutu kwa dambo sikunkaoneka ndi utsi.

Kutacha ndinabereka Tilimbe n'kunyamuka. Elube ananditsatira. A Zakeyu nawo anabwera pambuyo, opanda nsapato, osaitanidwa. Dziko lonse linali lakuda, zitsa zikufukabe, phulusa likutentha kumapazi. Kenako patsogolo pathu panaoneka msipu wobiriwira, uja unaphuka pa lupsa lathu, ndipo pakati pake mikuyu ili chiimire ndi masamba ake onse.

A Zakeyu anaima pomwe pakuda pankathera, n'kufulatira.

Ife tinalowa. Pansi pa mitengo panali podzaza. Agwape, nkhwali, nkhanga, fulu, ngakhale nungu, zonse zomwe zinathawa moto zinali m'menemo, zitagona phee. Zinatiyang'ana koma sizinathawe. Ndinaona kuti sizinagone mothithikana. Pakati pa chinzake ndi chinzake zinkasiya kampata kakang'ono, ndipo gwape wina anali atapinda khosi mozungulira malo opanda kanthu, monga amachitira ndi mwana wake.

“Tizithamangitse?” Elube ananong'ona.

“Zisiye. Eni ake azilola.”

Ndinagwira nthaka pa tsinde la mkuyu wanga. Inali yonyowa. Tinatuluka chobwerera m'mbuyo, mwakachetechete.

A Zakeyu anamva mapazi athu koma sanatembenuke.

“Ali bwanji?” anafunsa.

“Ali mtulo,” ndinawauza. “Sanadzuke n'komwe.”